Pulogalamu ikuyenda pa "galu" koma ikugwa pa "mtengo": masamu a hash amasokonekera pati?

Ntchitoyo imaoneka yaing'ono. Mphunzitsi wanena kuti aliyense alembe hash table yakeyake ya zipinda 10, asungemo mawu, kenako athe kuwapezanso. Wophunzira walemba mizere ingapo mu Java, wayesa ndi mawu oti "galu", zatheka. Wayesa "mudzi", zathekanso. Wangoika "mtengo", pulogalamu yagwa, ndipo uthenga wa ArrayIndexOutOfBoundsException ukuti chipinda -6 kulibe. Apa ambiri amathamangira kukayikira fomula, n'kuyamba kusintha manambala mwachisawawa mpaka uthengawo usiye kutuluka. Komatu nthawi zambiri fomula imakhala ilibe mlandu. Chimene chasokonekera ndi choti wophunzira akuwerengera ngati ali ndi pepala losatha, pomwe kompyuta ikuwerengera m'kabokosi kokhala ndi malire. Ndipo chilankhulo chilichonse cholembera mapulogalamu chili ndi khalidwe lakelake nambala ikafika pamalire amenewo.

Tiyambe ndi chimene hash ili. Mukafuna kupeza mawu amodzi pakati pa mawu zikwizikwi, kuyang'ana limodzilimodzi kumachedwa. Njira yachidule ndi kusandutsa mawuwo kukhala nambala, nambalayo n'kukuuzani chipinda chimene mawuwo agona. Nzeru imeneyi si yatsopano. Hans Peter Luhn wa ku IBM anailemba kale mu 1953. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake mu ASCII, ndandanda imene makompyuta amagwiritsa ntchito posunga zilembo ngati manambala: a ndi 97, b ndi 98, mpaka z amene ndi 122. Java imatenga nambala ya chilembo choyamba, kuichulukitsa ndi 31, kuphatikiza ya chilembo chachiwiri, kuchulukitsanso ndi 31, chonchobe mpaka zilembo zithe. Ophunzira ambiri amapatsidwa fomula yomweyi, `h = h * 31 + c`.

Pa "galu" zimayenda motere. Chilembo g ndi 103. Kuchulukitsa ndi 31 n'kuphatikiza 97 wa a, tipeza 3,290. Kubwereza ndi 108 wa l, tipeza 102,098. Kumaliza ndi 117 wa u, tipeza 3,165,155. Popeza zipinda zilipo 10 zokha, timagawa nambalayi ndi 10 n'kutenga chotsala, chomwe ndi 5. Chizindikiro cha `%` ntchito yake ndi imeneyo. "Galu" wagona m'chipinda 5, palibe vuto.

Tsopano "mtengo". Manambala ake akukwera motere: 109, kenako 3,495, kenako 108,446, kenako 3,361,936, kenako 104,220,119. Chilembo chomaliza chikalowa, papepala tipeza 3,230,823,800. Apa ndi pamene pagona nkhani. `int` ya Java, kabokosi kosungira nambala yathunthu, ili ndi mabiti 32 (biti ndi malo osunga 0 kapena 1), ndipo nambala yaikulu kwambiri imene ingakwane m'menemo ndi 2,147,483,647. Yathuyi yapitirira. Java sichenjeza, siima, imangozungulira, monga mita yowerengera mtunda pa galimoto yakale imene ikafika 999999 imabwerera pa 000000. Kusiyana kwake n'koti mabiti 32 amasunga manambala 4,294,967,296, ndipo Java inawagawa pakati: theka lina ndi ziro kupita m'mwamba, theka linalo ndi manambala ochepera ziro. Mukadutsa 2,147,483,647 ndi sitepe imodzi yokha, mumatulukira ku -2,147,483,648. Choncho 3,230,823,800 amasanduka -1,064,143,496, yemwe ndi nambala yomweyo titachotsapo 4,294,967,296.

Pali chinthu chosangalatsa chimene ambiri sachiona. Ndi fomula imeneyi, mawu alionse a zilembo zazing'ono zisanu kapena kuchepera apo sangasefukire. Ngakhale "zzzzz" amathera pa mamiliyoni 116 okha. Koma mawu alionse a zilembo zazing'ono zisanu ndi chimodzi amatuluka ochepera ziro, onse ndithu, chifukwa ochepetsetsa mwa iwo, "aaaaaa", amapereka 2,869,595,232, ndipo okulitsitsa amapereka 3,609,181,632. Onse agwera m'theka lachiwiri lija. Kuyambira zilembo zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo, mita imakhala itazungulira kangapo, ndiye ena amatuluka pamwamba pa ziro, ena pansi. N'chifukwa chake wophunzira amene wayesa ndi timawu tifupitifupi amagona ali wokondwa, n'kudzadabwa m'mawa pulogalamu yoyesera ya mphunzitsi itamukanira.

Ndinene pano maganizo anga: kusefukira kumeneku pakokha si vuto. Hash sifunika kukhala yolondola ngati ndalama za m'buku la akaunti. Imangofunika kuti mawu omwewo apereke nambala yomweyo nthawi zonse, komanso kuti mawu osiyana amwazikane bwino. Nambala yozungulira imakwaniritsa zonsezi, ndipo `hashCode` ya Java yeniyeniyo imasefukira tsiku lililonse popanda wodandaula. Cholakwa chimabwera pa sitepe yotsatira, posandutsa hash kukhala nambala ya chipinda.

Kusukulu tinaphunzira kuti chotsala pogawa ndi 10 chimakhala pakati pa 0 ndi 9. Java, C ndi JavaScript sizitsatira zimenezo nambala yogawidwayo ikakhala yochepera ziro: chotsala chimatenga chizindikiro cha nambala yogawidwa. Mu zilankhulo zitatuzi `-7 % 5` ndi -2. Mu Python `-7 % 5` ndi 3, chifukwa kumeneko chotsala chimatsata chizindikiro cha nambala yogawira. Palibe wolakwa pa awiriwa. Anangosankha mosiyana mbali yozunguzira yankho la kugawa. Java ndi C zimadula kulozera ku ziro, Python imatsikira pansi. Kotero `-1064143496 % 10` mu Java ndi -6, ndipo array ilibe chipinda chotero. Amene anayambira pa Python n'kusamukira ku Java ndi amene amagwa kwambiri mumsampha uwu, chifukwa dzanja lawo linazolowera `%` amene sabweza negetivi.

Chokonza choyamba chimene chimabwera m'mutu ndi `Math.abs(h) % 10`, kuchotsa chizindikiro cha mainasi basi. Chimagwira ntchito pa manambala onse kupatula imodzi. Kumbukirani kuti kumunsi malire ndi -2,147,483,648 pomwe kumtunda ndi 2,147,483,647. Wakumunsiyo alibe mnzake kumtunda, ndiye `Math.abs` ikamulandira imamubweza momwemo, ali negetivi. Wina anganene kuti mwayi wokumana ndi nambala imodzi pa mabiliyoni anayi ndi wochepa, ndipo n'zoona. Koma mawu oti "polygenelubricants" amapereka ndendende nambala imeneyo mu Java, ndipo ndi odziwika bwino pakati pa olemba mapulogalamu, moti mphunzitsi wofuna kukugwirani amangowaika m'mayeso ake. Mukasuntha mabulaketi n'kulemba `Math.abs(h % 10)`, msampha umenewo watha, pakuti chotsala sichingafike pamalire aja. Njira zina ziwiri zodalirika ndi `Math.floorMod(h, 10)`, imene inabwera ndi Java 8 mu 2014 ndipo imachita monga Python, komanso `(h & 0x7fffffff) % 10`, imene imazimitsa biti ya kumapeto yosonyeza chizindikiro.

Koma taonani zimene njirazi zikuchita ndi "mtengo" wathu uja. Ya `Math.abs` ikumuika m'chipinda 6. Ya `floorMod` ikumuika mu 4. Yozimitsa biti ikusandutsa nambalayo kukhala 1,083,340,152, ndiye chipinda 2. Ndipo mukawerengera popanda kusefukira konse, monga mu Python, 3,230,823,800 akupereka chipinda 0. Njira zinayi, zipinda zinayi, ndipo iliyonse payokha ndi yolondola. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, ngati pulogalamu yoyesera ikuyembekezera chipinda chakutichakuti, sikokwanira kuti pulogalamu yanu isagwe; muyenera kuwerenga malangizo a ntchitoyo kuti mudziwe njira imene ikufunika. Chachiwiri, ndipo ichi chimazunza anthu kwambiri, mukakonza polowetsa mawu n'kuiwala kukonza powafufuza, pulogalamu imasunga "mtengo" m'chipinda 4 n'kukamufuna m'chipinda 6. Sigwa, silankhula kanthu, imangoti mawuwo kulibe. Mankhwala ake ndi kulemba masamu a chipinda pamalo amodzi okha, mu function imodzi, ndipo kulowetsa, kufufuza ndi kufufuta zonse ziziitana yomweyo.

Ena amathawira ku `long`, amene ali ndi mabiti 64 ndipo amafika pa 9,223,372,036,854,775,807. Kumeneko ndi kungokankhira vuto patsogolo. Mawu a zilembo 12 amakwana, a zilembo 13 amasefukira, ndipo mawu ngati "sitidzaonananso" adutsa kale pamenepo. Njira yoletseratu kusefukira ndi kutenga chotsala pa sitepe iliyonse: `h = (h * 31 + c) % m`. Masamu amalola zimenezi, chifukwa pa kuphatikiza ndi kuchulukitsa, kutenga chotsala panjira kapena pamapeto kumapereka yankho limodzi. Pa "mtengo" mupeza 9, 5, 6, 6, 9, 0, ndipo 0 womalizayo akufanana ndi wa Python uja. Musaone vutoli ngati la ongoyamba kumene okha: mu 2006 Joshua Bloch analengeza kuti binary search (njira yofufuzira mwachangu m'ndandanda yosanjidwa bwino) ya mu laibulale ya Java, imene iye mwini analemba, inali ndi kusefukira kotereku pophatikiza manambala awiri, ndipo kunakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osaonedwa.

Njira yotenga chotsala panjirayi imavumbula chinthu china chimene sichigwetsa pulogalamu koma chimaifooketsa. Nambala 31 mukaigawa ndi 10 chotsala ndi 1, kutanthauza kuti pa tebulo la zipinda 10 kuchulukitsa ndi 31 n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1. Fomula yonse ija yasanduka kungophatikiza manambala a zilembo. Yesani: zilembo za "mtengo" zikaphatikizidwa zimakwana 650, chotsala 0. Ndiye "kula" ndi "luka", okhala ndi zilembo zofanana, sangalekane chipinda. Zimaipiraipira mukasankha zipinda 31, poganiza kuti nambala yosagawika ndi ina iliyonse ndiyo yabwino. Pamenepo zonse zochulukitsidwa ndi 31 zimafafanizika, chimatsala ndi chilembo chomaliza chokha. Mawu a Chichewa pafupifupi onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, choncho onse adzaunjikana m'zipinda 4, 8, 12, 18 ndi 24, zina 26 zili gwaa, zopanda kanthu. Pulogalamu ipereka mayankho olondola, koma ikuyenda ngati kamba. Kuti muone vuto lotere, werengani kuchuluka kwa mawu m'chipinda chilichonse n'kusindikiza. Maso adzakuuzani okha.

Kugundana kwa mawu awiri m'chipinda chimodzi, kwa apo ndi apo, si cholakwa ayi. "Aa" ndi "BB" onse amapereka 2,112 mu Java, ndipo palibe fomula imene ingathetseretu zoterezi, pakuti mawu ndi ochuluka kuposa manambala. Cholakwa ndi kuganiza kuti hash ikafanana ndiye kuti mawu afanana. Mukafika m'chipinda muyenerabe kuyerekeza mawu enieniwo.

Pali gulu lina la zolakwa limene limachokera pa kulemba fomula monga ikuonekera m'buku. Buku limalemba 31 ndi kanambala kakang'ono pamwamba, wophunzira n'kulemba `31 ^ 2` akuyembekezera 961. Mu Java, C, JavaScript ndi Python chizindikiro chimenecho ndi XOR, ntchito yoyerekeza mabiti, ndipo yankho lake ndi 29. Akazindikira, amasinthira ku `Math.pow`, n'kulowa m'dzenje lakuya kuposa loyamba. `Math.pow` imabweza `double` (mtundu wa nambala yotha kukhala ndi madesimali), ndipo `double` yaikulu ikakakamizidwa kulowa mu `int`, Java siizunguliza. Imaimika pamalire, pa 2,147,483,647. Mzere ngati `h += c * Math.pow(31, i)` umadutsa popanda chenjezo lililonse, chifukwa `+=` imachita yokha kusandutsako mwakachetechete. Zotsatira zake, mawu onse a zilembo zazing'ono zisanu ndi chimodzi kapena kuposera apo amalandira hash imodzimodzi, ndipo pa tebulo lathu onse amakathera m'chipinda 7. Mukaona chipinda chimodzi chatupa pomwe mawu aafupi amwazikana bwino, yang'anani `pow` musanayang'ane china chilichonse. Njira ya `h * 31 + c` siifuna `pow` n'komwe.

Mu C nkhani imakula. Java inalonjeza kuti `int` ikasefukira izungulira, C sinalonjeze. Malamulo a C amati kusefukira kwa nambala yokhala ndi chizindikiro ndi khalidwe losadziwika, kutanthauza kuti compiler, pulogalamu yomasulira khodi yanu kuti kompyuta iimve, ili ndi ufulu woganiza kuti sizichitika n'komwe. Pulogalamu ikhoza kuyenda bwino lero, mawa mwauza compiler kuti iifulumizitse ndi `-O2` n'kusintha mayankho. Nambala za `unsigned` zokha ndi zimene zili ndi lonjezo lozungulira, ndiye hash mu C iyenera kukhala `unsigned int` kapena, bwino koposa, `uint32_t` kapena `uint64_t`, zimene kukula kwake kwalembedwa m'dzina. Ndikunena izi chifukwa `unsigned long` ndi wa mabiti 64 pa Linux ya mabiti 64 koma wa mabiti 32 pa Windows, moti anthu awiri olemba khodi yofanana ndendende amapeza manambala osiyana n'kuyamba kutsutsana pachabe. Ndipo posindikiza `unsigned int` gwiritsani `%u`. Mukagwiritsa `%d` mudzaona negetivi pa sikirini pomwe m'kati mulibe negetivi, n'kutaya usiku wonse kusaka chinthu chimene kulibe.

Fomula yotchuka m'makalasi a C ndi djb2 ya Daniel J. Bernstein, yoyambira pa 5381 n'kumachulukitsa ndi 33. Kawirikawiri imalembedwa `((h << 5) + h) + c`, pakuti kukankha mabiti kasanu kumanzere ndi kuchulukitsa ndi 32, ndipo kuphatikizanso `h` kumakwanitsa 33. Wokopera mwaulesi amasiya mabulaketi n'kulemba `h << 5 + h + c`. Mu C kuphatikiza kumachitika kukankha kusanachitike, ndiye mzerewo ukutanthauza kukankha `h` maulendo `5 + h + c`, omwe ndi masauzande, chinthu chimenenso malamulo a C sachivomereza. Compiler ya GCC imachenjeza za izi mukayatsa `-Wall`, ndipo `-fsanitize=undefined` imakuuzani mzere weniweni pamene kusefukira kapena kukankha koipa kwachitikira pulogalamu ikuyenda. Kulemba `h * 33 + c` n'kosavuta kuwerenga ndipo compiler ya masiku ano imadziwa yokha kuifulumizitsa.

Zilembo nazo zili ndi misampha yake. Ntchito zambiri zoyambira zimati mutenge `c - 'a'` kuti a akhale 0 ndipo z akhale 25. Zimenezi zimaganiza kuti m'mawu muli zilembo zazing'ono zokhazokha. Chilembo chachikulu A ndi 65, ndiye `'A' - 'a'` ndi -32. Kachizindikiro kamene kali mu "m'nyumba" kapena "ng'ona" ndi 39, ndiye kamapereka -58. Mukalemba hash yotenga zilembo ziwiri zoyambirira, mawu a chilembo chimodzi amakupatsani ziro wotsekera mawu mu C pamalo achiwiri, ndipo yankho ndi -97. Chilembo ŵ mu UTF-8, njira yofala yosungira zilembo za zilankhulo zosiyanasiyana, si baiti imodzi (mabiti 8) koma awiri, 197 ndi 181, ndipo pa makompyuta a x86, kumene `char` amakhala ndi chizindikiro, amawerengedwa ngati -59 ndi -75. Pa Linux ya ARM `char` alibe chizindikiro, ndiye khodi yomweyo imapereka zina. Kusandutsa chilembo chilichonse kukhala `unsigned char` musanachiphatikize kumathetsa kusiyana kumeneku. Choopsa mu C n'choti chipinda -58 sichibweretsa uthenga waulemu ngati wa Java. Pulogalamu imangolemba pamalo a wina m'memori, n'kudzagwa patsogolo pa mzere wosalakwa, kapena osagwa konse.

Python ndi JavaScript zili ndi zawo. Mu Python manambala sasefukira, amangokula, choncho fomula yokopedwa ku C kapena Java imapereka chinambala chachitali chosafanana ndi choyembekezeredwa mpaka mutaidula nokha ndi `& 0xFFFFFFFF`. Komanso `hash()` ya Python yeniyeniyo, kuyambira pa Python 3.3 mu 2012, imasintha yankho la mawu nthawi iliyonse mwayambitsanso pulogalamu. Anachita dala pofuna chitetezo, kuti munthu woipa asathe kukonzeratu mawu ogundana ochuluka n'kufooketsa seva. Wophunzira amene wasunga manambala amenewo mu fayilo kuti adzawayerekeze mawa adzapeza palibe chogwirizana, ndipo khodi yake ilibe cholakwa china kupatula kudalira chinthu chosalonjezedwa. JavaScript imasunga manambala wamba ngati `double`, amene ndi olondola mpaka 9,007,199,254,740,991 basi. Fomula ya FNV-1a ya mabiti 32 imayambira pa 2,166,136,261 n'kumachulukitsa ndi 16,777,619, ndipo zochulukitsa zoterezi zimatha kudutsa malire amenewo. Zikadutsa, manambala a kumapeto amatayika, omwe ndi amene hash ikuwafuna kwambiri. `Math.imul` inapangidwira ntchito imeneyi, ndipo `>>> 0` pamapeto imachotsa negetivi.

Ntchito zina zimapita patsogolo pang'ono n'kufuna kuti muchotsere hash ina pa inzake. Njira ya Rabin ndi Karp ya mu 1987 yofufuzira mawu m'nkhani yaitali ndi chitsanzo: zenera likamasuntha, mumachotsa gawo la chilembo chotuluka n'kuonjezera cholowa, m'malo mowerengera zonse mwatsopano. Popeza manambala onse awiri adulidwa kale ndi `% m`, wochotsedwayo akhoza kukhala wamkulu kuposa mnzake. Tinene `m` ndi 101, hash ndi 20, chochotsa ndi 75: yankho ndi -55, pomwe lofunika ndi 46. N'chifukwa chake mumaona anthu akulemba `(a - b + m) % m`. Pamene `m` ndi 1,000,000,007, nambala imene imakondedwa pa ntchito zotere, kuchulukitsa zotsala ziwiri kumafika pafupi ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 18, amene amakwana mu `long` koma osati mu `int`. Ndipo kulemba `long x = a * b` pomwe `a` ndi `b` ndi ma `int` sikuthandiza: kuchulukitsako kumachitika mu mabiti 32, kusefukira, kenako chowonongekacho n'kuikidwa m'bokosi lalikulu. Mmodzi mwa awiriwo asandutsidwe `long` kuchulukitsa kusanachitike. Kugawa ndiye musakuyese n'komwe: 12 kugawa ndi 4 ndi 3, koma mutatenga chotsala cha 12 pa 10 mutsala ndi 2, ndipo 2 kugawa ndi 4 sikungakupatseni 3.

Palinso amene ntchito yawo ikukhudza MD5 kapena SHA-256, mitundu ya hash yaitali yopezeka kale m'malaibulale. Chimene laibulale imabweza nthawi zambiri ndi mawu a zilembo za hex (kalembedwe ka manambala kogwiritsa 0 mpaka 9 ndi a mpaka f), 32 pa MD5 ndi 64 pa SHA-256, osati nambala. Mu Python kuphatikiza awiri otere ndi `+` kumangowalumikiza, ndipo `%` pa mawu ndi ntchito yokonza kalembedwe, osati chotsala. Muyenera kuyamba ndi `int(h, 16)`. Mu Java mabiti 256 sangakwane mu `long`, pamafunika `BigInteger`, ndipo mukaipanga kuchokera ku mabaiti osanena kuti ndi yopitirira ziro, theka la ma hash lidzatuluka negetivi. Pobwerera ku hex, maziro a kumayambiriro amasowa, hash ya zilembo 64 n'kukhala ya 63, kuyerekeza n'kulephera pa hash imodzi mwa 16 zilizonse. Cholakwa chochitika mwa kamodzikamodzi chotere chimapweteka mutu kuposa chogwetsa pulogalamu nthawi zonse.

Nanga munthu ayambire pati zikavuta? Osati pa kusintha khodi. Tengani mawu aafupi kwambiri amene akulephera, pepala ndi cholembera, muwerengere `h` pa chilembo chilichonse monga tachitira ndi "mtengo". Kenako ikani mzere umodzi m'kati mwa loop wosindikiza chilembo, nambala yake, ndi `h`. Yerekezani mizere iwiriyo kuchokera pamwamba. Malo oyamba pamene pepala ndi sikirini zasiyana ndi pamene pali cholakwa, ndipo maonekedwe a nambala yolakwikayo amatchula dzina lake. Ikasiyana ndi yanu ndi 4,294,967,296, kapena nambala imeneyi yochulukitsidwa kangapo, ndi kusefukira kwa mabiti 32. Ikaima pa 2,147,483,647 osasunthanso, pali `double` yokakamizidwa. Ikasiyana pa sitepe yoyamba yomwe, nambala yoyambira ndi yolakwika, kapena `h` sanabwezedwe poyambira kuchokera pa mawu apitawo. Zonse zikagwirizana mpaka pamapeto koma chipinda n'kulakwika, vuto lili pa `%`, kapena tebulo linakula inu n'kupitiriza kugawa ndi kukula kwakale, kapenanso munakopera mawu m'tebulo latsopano osawerengeranso zipinda zawo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mizere sikisi ya papepala imafulumira kuposa maola atatu ongoyesa izi ndi izo.

Mayeso anu asakhale a mawu okoma okhaokha. Ikanimo mawu opanda chilembo chilichonse, a chilembo chimodzi, a zilembo zisanu ndi chimodzi, a zilembo makumi atatu, okhala ndi chilembo chachikulu, okhala ndi kachizindikiro ka mu "m'nyumba", ndipo ngati ndi Java, "polygenelubricants".

Kusindikiza nambala ya chilembo, osati chilembo chokha, kuli ndi phindu lina. Nthawi zina masamu onse ndi olondola, koma mawu amene alowa si amene mukuganiza. `fgets` ya C imasunga chizindikiro chotsekera mzere, chimodzimodzi `readline` ya Python, ndipo `echo` pa terminal imaonjezera chake, n'chifukwa chake SHA-256 ya pa terminal imasiyana ndi ya m'pulogalamu mpaka mutalemba `echo -n`. Ndiye "galu" wolembedwa m'khodi amapereka 3,165,155, koma wowerengedwa kuchokera mu fayilo amapereka 98,119,815, ndipo pa sikirini onse awiri amaoneka chimodzimodzi. Mukasindikiza manambala a zilembo mudzaona 103, 97, 108, 117, kenako 10 amene simunamuitane. Fayiloyo ikakhala yolembedwa pa Windows, patsogolo pa 10 pamakhalanso 13.